Bwalo la Agogo Lakhala: Mlandu wa Zithunzi Zosowa

Khalani pansi nonse, adzukulu anga. Mafoni muwaike chafufumimba pamphasapo, pamene maso anga akufika. Iwe mwamuna wanga wamng'ono, chotsa tizingwe tako m'makutumo, pakuti dzina lako ndi loyamba pamndandanda wa oimbidwa mlandu. Lero bwalo lakhala. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndine ndemwe, ndipo apilo kuno kulibe.

Mlandu wake nawu. Chiyambire mtundu wathu, sipanakhalepo mbadwo wojambula kuposa wanu. Mumajambula nsima musanasambe m'manja. Mumajambula nsapato zobwereka. Mumadzijambula nokha mutasongola milomo ngati mwatafuna bwemba wosapsa. Koma ndikangoti mundionetse chithunzi cha chinkhoswe cha mchemwali wanu, chomwe chinachitikira pabwalo pomwe pano, mumayamba kukanda m'mutu. Uyu akuti foni anamubera kudepoti. Uyu akuti yake inagwera mundowa. Winayu akuti malo anadzaza ndiye anafufuta, kuti mulowe nyimbo. Wamkulu uja, amene ndinkamuyesa wanzeru, akuti anaika pa status. Nditafufuza bwino, ndamva kuti zoika pamenepo zimakhala maola 24 basi, kenako n'kuzimirira. Ndiye kuti mchemwali wanu anakhala wotomeredwa tsiku limodzi lokha?

Tsono mboni itulutse umboni. Buku lotupali mumalidziwa, ndi lija mumaliseka kuti likununkha sutikesi. Musaligwire ndi manja a mafutawo, ndikutsegulirani ndekha.

Uyu waima apayu ndi agogo anu aamuna, asanakwere ulendo wa ku Wenela. Jekete avalayo ndi ya mwini situdiyo, n'chifukwa chake manja ake afika m'zala. Wailesi agwirayo si yawo, ndipo wotchi ili pamkonoyo sinkayenda. Koma taonani mmene aimira, chibwano m'mwamba, tsitsi atalipatula mzere ndi chipeso. Munthu ankajambulitsa kamodzi pachaka, mwina osatero n'komwe, ndiye ankasamba, n'kudzola, n'kuima mwaulemu. Pambali pakepo ndinamata envulopu ya kalata yawo yoyamba, sitampa ili pomwepo. Pansi ndinalemba dzina, chaka, ndi mudzi umene ananyamukira. Mukafunsa chimene anabwerera msanga, yankho lili patsamba lotsatira: mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za Wenela. Mbiri imene mumaloweza movutikira kusukulu ija, ife ili m'nyumba, yomatidwa ndi manja.

Tsamba ili ndi la ndalama. Kwacha inabwera mu 1971, kulowa m'malo mwa mapaundi ndi mashilingi, ndipo paundi imodzi inkasinthidwa ndi makwacha awiri. Nayi ya nkhope ya Kamuzu. Nayi ina ya John Chilembwe, amene anayamba kuoneka pandalama za pepala mu 1997. Inu mwaona K5,000 ikutuluka mu 2022, koma alipo mwa inu amene anasungako ngakhale K20 yatsopano kuti ana ake adzaone? Mutu pansi nonse.

Apa pali chodula cha m'nyuzi cha riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene tinkasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Mukadabwa kuti m'masamba onse a m'mbuyomu mulibe mkazi wovala thalauza, musati tinalibe miyendo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa, mpaka linachotsedwa mu 1993. Ichi chachikasuchi ndi mndandanda wa osankhidwa kupita kuyunivesite, ndipo dzina ladulidwa mzere kunsili ndi la bambo ako iwe. Mayina tinayamba kuwamva pawailesi ya MBC, mudzi wonse utazungulira wailesi imodzi, koma ine sindinakhutire mpaka nyuzi inafika m'manja. Agogo anu aamuna nawo anali ndi tsamba lawo la mpira, la Flames itatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978. Inu mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango atachinya chigoli chija cha patali pomenyana ndi Morocco, munakuwa mpaka nkhuku zanga zinatsika m'chitele, mpando wanga wandalema n'kuthyoka. Chodula cha m'nyuzi cha tsiku limenelo chili kuti? Umboni wotsala m'nyumba muno ndi mpando wothyokawo.

Ndikuona mwamuna wanga wakweza dzanja. Ndikudziwa chimene ufuna kunena, kuti izi ndi za anthu a kumudzi osowa chochita. Ine choko ndinagwira mpaka kupuma, ndiye undimvere. Ku America, mlembi wotchuka Mark Twain ankakonda kumata zodula m'mabuku mpaka anapanga buku la masamba opakidwiratu guluu, loti munthu angonyowetsa n'kumata, ndipo mu 1873 boma la kwawo linamulembera kuti luso limenelo ndi lake. Analigulitsa n'kupeza nalo ndalama. Mpaka lero kumeneko kuli masitolo ogulitsa mapepala ndi zokongoletsera za ntchito yomweyi. Tsitsa dzanjalo.

Winanso akuti zipangizo n'zodula. Bodza lamkunkhuniza. Ndalama ya bandulo ya sabata imodzi ikwanira zonse. Mverani mndandanda, ndipo wina alembe.

Choyamba ndi buku. Mukhoza kugula kope lalikulu lachikuto cholimba, koma labwino ndi lopanga nokha. Pezani mapepala a manila, aja ndinkalembapo matchati kusukulu, muwadule mofanana, muwapinde pakati, n'kuwasoka pamsana ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba wosokera matumba. Chikuto mudule pakatoni ya sopo, muchikute ndi nsalu. Pitani kwa atelala pamsika mukapemphe zidutswa za zitenje, zija amasesa madzulo. Koma chikuto chokoma koposa ndi cha chitenje chokhala ndi nkhani: chija munavala nonse paukwati wa azakhali anu, kapena chakale cha amayi anu chimene anakuberekerani kumbuyo. Pamsana pa buku musokererepo timizere ta katoni pakati pa masamba, kuti likadzaza lisayasame.

Kenako sizasi, lezala, lula, pensulo, cholembera chakuda chosafalikira, ndi guluu wa mapepala. Zatha. Sizasi mugule yanu, yanga yodulira nsalu ikangokhudza pepala mlandu wina uyambika.

Tsono nawa malamulo a bwalo pa kamatidwe, ndipo apa tcherani khutu kwambiri.

Chithunzi sichipakidwa guluu kumbuyo. Mukachimata chonse, tsiku lofuna kuchichotsa chidzang'ambika, ndipo zolembedwa kumbuyo zidzapita. Tengani maenvulopu akale, mudule ngodya zake zinayi. Ngodya iliyonse imatuluka ili kathumba. Timatumba timeneto ndiye mumate patsamba, chithunzi n'kuchilowetsamo ngodya zake. Chimakhala nji, koma mukachifuna chimatuluka bwinobwino. Mukasowa maenvulopu, chekani timizere tinayi topendama patsambalo ndi lezala, mulowetsemo ngodya za chithunzi.

Selotepi isayandikire buku limeneli. Poyamba imaoneka yaudongo, koma zaka zikapita imasanduka yachikasu, imauma, imagwa, n'kusiya chipsera pankhope ya munthu. Phala la kondowole limamata ndithu, tinkamatira nalo kusukulu, koma ndi chakudya, ndipo mphemvu zikalinunkhiza zimadya phalalo pamodzi ndi mphuno ya amalume anu. Zokutitsa chithunzi m'pulasitiki wa pamakina otentha zija musachite pa chithunzi chimene chilipo chimodzi chokha, chifukwa chikalowa sichitulukanso, ndipo chikaonongekera m'katimo palibe wochilanditsa.

Pepala la nyuzi ndi losakhalitsa, limachita chikasu n'kudetsa chilichonse chogundana nalo. Chodula cha m'nyuzi muchipatse tsamba lakelake, pakati pa icho ndi zithunzi muike pepala loyera, ndipo ngati n'chofunika kwambiri muchichititse fotokope. Chimodzimodzi timalisiti toterera ta m'masitolo ndi matikiti ena a basi: zilembo zake zimafufutika zokha, mumangotsala ndi kapepala koyera. Kumbuyo kwa chithunzi mulembe ndi pensulo yofewa, mosatsindika. Bolopeni imaboola mpaka kumaso, ndipo inki yake imadetsa chithunzi chinzake.

Zina sizimatidwa n'komwe. Matani envulopu yathunthu patsamba, ikhale thumba. M'menemo muike khadi la kusikelo la mwana, kalata za pamanja, khadi loitanira anthu kuukwati, lipoti la kusukulu ngakhale la chaka chimene munagwira mchira, ndi pulogalamu ya maliro kapena ya kumanga manda, chifukwa m'mapulogalamu amenewa ndi mmene mumalembedwa mbiri ya munthu ndi mayina a ana ake onse. Ofuna maluwa, thyolani la jakaranda kapena la bonongwe amene, muliike pakati pa nyuzi, mutsindikize ndi chinthu cholemera mpaka liume gwa, ndipo mulimate kutali ndi zithunzi. Koma kukongoletsa kukhale ndi malire. Ndinaona buku la mtsikana wina, timitima ndi tinyenyezi tsamba lonse, mkwati n'kumachita kumusakasaka.

Tafika pamutu weniweni wa mlandu. Taonani chithunzi ichi. Amayi atatu aima pakhomo pa tchalitchi, mipango kumutu, wapakatiyo wanyamula khanda. Chinachokera m'sutikesi ya apongozi anga. Tikudziwa kuti ndi abale athu, chifukwa mphumi imeneyo ndi yomwe ili pa iwe ndi iwe. Koma ndani? Khandalo linakula n'kukhala yani? Amene ankadziwa anagona kalekale, ndipo kumbuyo kulibe ngakhale chilembo chimodzi. Chithunzi chilipo, anthu ake anasowa. N'chifukwa chake pansi pa chithunzi chilichonse mulembe zinthu zisanu: dzina lonse pamodzi ndi mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mwale, mudzi ndi mfumu yake, chaka, chimene chinkachitika, ndi ubale wake kwa inu. Musalembe kuti "amayi" basi, chifukwa wodzawerenga adzafunsa kuti amayi a yani. Tsamba loyamba likhale la mzere wa kuchikazi: amayi anu, amene anabereka amayi anu, mpaka pamene kukumbukira kwanga kwalekezera. Lachiwiri likhale la kuchimuna. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, inayamba mu 1947, koma musayembekeze kuti adzakusungirani dzina la amene anakumba chitsime cha pamudzi pano. Imeneyo ndi ntchito yanu. Mukapanda kutero mudzakwatirana pachibale ku Joni uko, n'kudzazindikira pamaliro.

Bwalo lino si lokondera, ndiye foni nayo ipatsidwe mbali yake. Pepala lili ndi adani: chiswe, chinyezi, denga lodontha, moto. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu n'kutaya abale pamodzi ndi zonse zowakumbukira nazo. Choncho buku likhale m'sutikesi, pamalo okwera, osagunda khoma, ndipo m'chilimwe muzilitulutsa lipitidwe mphepo pamthunzi, osati padzuwa. Tsamba lililonse likatha, mulijambule bwino ndi mafoni anuwo, mutumize kwa abale anu a ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg, kuti likatayika kuno lipezeke kwina. Pamenepo ndiye ndidzavomera kuti chida chimenechi chili ndi ntchito ina kupatula kukupindani makosi.

Za nthawi musanditchulire n'komwe. Nthawi yoonera mpira wa ku England mumaipeza. Nthawi yovina pamaso pa foni, kubwereza gule mmodzimodzi mpaka fumbi kulowa m'ndiwo, mumaipeza. Magetsi akazima mumangokhala ndwii, kudikira kuti ayake. Nthawi yake ndi imeneyo.

Imirirani tsopano mumve chigamulo. Bwalo lapeza kuti nonse ndinu olakwa pa mlandu wotaya mbiri ya mtundu mosasamala. Chilango chake, aliyense asankhe zithunzi khumi m'foni mwake, za anthu osati za mbale za chakudya, akazitsukitse kusitudiyo Khirisimasi isanafike. Wamkulu abweretse manila ndi ulusi. Iwe wa Fomu 3, poti zolemba zako zimawerengeka, ndiwe mlembi. Mwamuna wanga, chifukwa chotsutsa bwalo, ulipira tambala mmodzi ndi paketi ya shuga, ndipo ukonzenso mpando uja. Loweruka lililonse masana muzibwera pakhonde pano, ine ndizitchula mayina, inu muzilemba.

Musazengereze, adzukulu anga. Mayina ambiri a m'bukuli atsala m'mutu mwanga mokha, ndipo ine zaka zapita. Bwerani mudzafunse ndikadali ndi mano otchulira. Bwalo labalalika, tengani mafoni anu.