Za Ampulifaya ndi Makutu a Anansi

Makolo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela, akabwerako atasenza gumbagumba, mudzi wonse unkasonkhana kudzaona chozizwitsacho; ndipo ngakhale lero Wenela latsala dzina la pokwerera mabasi mu Blantyre, mtima uja wofuna kuti anansi amve ndi makutu awo kuti m'nyumba mwalowa chuma sunafe ayi, koma unangosamukira kuno ku Kanjedza, kumene nyumba zinayandikana kotero kuti munthu akayetsemula, wa kuseri kwa mpanda ndiye amati pepani.

Mkulu wina woyandikana nane nyumba, munthu waulemu wake ndiponso mkulu wa mpingo, amene dzina lake ndilisunga popeza timapemphana mchere, anandipeza Loweruka lina m'mawa kuti ndiwaperekeze ku Limbe kukasankha ampulifaya. Pakuti masipika awiri amene alamu awo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg anali atakhala pabalaza miyezi itatu ali duu ngati alendo osalonjeredwa, mayi a m'nyumba atawafunditsa tinsalu toluka ndi kuikapo maluwa apulasitiki.

Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja amaonedwa ndi maso, manja ali kumbuyo. Chotero mnyamata wa m'sitolo ina, amene lilime lake linali lodzola uchi, atatsitsa chibokosi chotsika mtengo, chothwanima timagetsi tofiira ndi tobiriwira, pachifuwa pake palembedwa 5000W PMPO, ndinaona nkhope ya mkulu uja ikuwala ngati ya Mose potsika m'phiri.

"Bwana," anatero mnyamatayo, "iyi ikalira ku Kanjedza, a ku Ndirande avina."

Ine, pokumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndinawakokera pambali ndi kuwauza kuti PMPO ndi nambala ya kamphindi ka kuphethira kwa diso, imene wopanga aliyense amalemba monga mtima wake wamuuzira, pamene RMS ndiyo mphamvu imene chipangizo chimasenza tsiku lonse osatopa. Ndinatembenuza chibokosicho ndi kuwaonetsa kumbuyo, pamene panalembedwa kuti chimadya magetsi a 60W okha. Ndipo ndinawafunsa kuti ng'ombe yodya udzu wa m'dzanja limodzi ingadzaze bwanji mgolo ndi mkaka, chikhalirecho ketulo yowiritsa madzi imadya pafupifupi 2000W. Ndinawonjeza kuti ayang'ane ngati ma ohm 8 a masipika awo akugwirizana ndi zolembedwa pa ampulifaya. Ndinawauzanso kuti mphamvu ikachuluka kawiri khutu limangomva kusiyana pang'ono, pakuti pamafunika kuchulukitsa kakhumi kuti phokoso limveke lowirikiza; ndi kuti Pioneer kapena Kenwood yakale ya 40W mbali iliyonse, yolemera ngati mwala wa mphero, imene okonza mawailesi amagulitsa atayiyesa pamaso pako, ikwanira pabalaza pamene mipando itatu ndi kabati zimapanikizana kale.

Anandimvetsera modekha monga amvera ulaliki wa mlendo, kenaka anati, "Achimwene, mwalankhula zakupsa, koma 40 ndi nambala ya m'chipululu. Nanga a nyumba yachitatu aja, amene ali ndi ya 3000, ndikawayang'ana ndi maso ati?"

Anagula chibokosi chothwanima chija, ndipo madzulo ake mipando inatulutsidwa pakhonde, masipika anavulidwa tinsalu tawo nalozetsedwa ku nyumba yachitatu, ndipo nyimbo ya Lucius Banda inayamba bwino ndithu, mwakuti akanakhala okhutira ndi gawo lawo tikanagona mumtendere. Koma dzanja la mwini linapotoza kabatani, linapotozanso, kufikira mawu a woimbayo anayamba kuthetheka ngati usipa m'mafuta. Pakuti ampulifaya yofooka ikakakamizidwa kupitirira mphamvu yake imatulutsa mawu ophwanyika, ndipo ndiwo amene amawotcha tisipika tating'ono ta mawu okwera. Agalu anauwa mpaka ku Soche, kafungo ka waya wopsa kanatuluka, ndipo m'malo mwa malinga a Yeriko, chimene chinagwa ndi mphatso ya alamu. Akuluakulu sananame kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Mkulu uja anaweruza pomwepo kuti mlandu ndi wa magetsi a masiku ano, ndipo tonse, monga anthu oleredwa bwino, tinavomera kuti ndi zoona. Mayi a m'nyumba, osanena kanthu, analowa kuchipinda nabwera ndi wailesi ya Nzeru ya malemu bambo awo, imene inapangidwa mom'muno mu Blantyre, naikamo mabatire. Ndipo tinamvera MBC ya pa Chichiri pomwepa, mawu ali mbee, tikumwa tiyi ndi chinangwa.

Lero ampulifaya ija ili m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo, timagetsi take tikuthwanimabe, nambala yake italoza kukhomo kuti wolowa aliyense aiwerenge asanakhale pansi. Chikomekome cha mkuyu chili ndi ntchito yake m'tauni. Ndamva kuti a nyumba yachitatu, atauzidwa za 5000 ija, sanagone tulo, ndipo akufuna woti awaperekeze ku Limbe Loweruka likudzali. Ine ndatumiza mawu kuti ndili ndi maliro kumudzi.