Za Chisakasa cha Mmisiri ku Kachulu

Munthu wofuna kumanga chisakasa chogwiriramo ntchito pakhomo pake ku Kachulu, kaya chokhomeramo mabwato, kaya chokonzeramo njinga za anyamata othamangitsa matemba ku Zomba, ayambe wafunsa akuluakulu pamene nyanja ya Chilwa imalekezera, ngakhale nawonso adzayankha mosiyana. Pakuti nyanja iyi, imene idaphwa mu 1968 ndi mu 1995 mpaka mabwato kugona pa dothi long'aluka, ndi yomweyo imene chaka cha mvula yambiri imalowa m'nyumba osaodira, ndipo iye amene adamanga m'mphepete mwa doko, poopa kutalikirana ndi asodzi a ku Chisi, amadzuka nyundo yake ili pansi pa madzi.

Mizati muipake oilo wakuda wotsala mu injini, chifukwa chiswe cha kuno sichisunga Sabata. Sowo ndi tchizilo muzipachike m'mwamba, muzizidzoza girisi madzulo, popeza madzi a Chilwa ngamchere ndipo dzimbiri siligona.

Koma mdani woposa onsewa ndiye mlamu wanu, amene amafika m'mamawa, nanjuta, napereka moni wautali wofunsa ngakhale za nkhuku, kenaka nabwereka sipanala "kwa kanthawi kochepa". Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akale. Tsono jambulani ndi choko chithunzi cha chida chilichonse pa thabwa pamene chimapachikidwa, kuti likamalowa dzuwa muzidziwa chimene chasowa. Kumene chapita mukudziwako kale, kungoti kukachilonjerera n'kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri.