Tombolombo wandilanda ubambo

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi ku Chinsapo kuli dzenje lomwe anaumbamo njerwa. Mvula ikangogwa limadzaza madzi, udzudzu nkupeza malo aulere, chonsecho ine ndimalipira mwezi ndi mwezi.

Mwana wanga wa Folomu 2 ndiye anandiululira kuti m'dzenjemo muli apolisi. Ana a tombolombo amakhala pansi pa madzi miyezi ingapo, ena mpaka zaka, akudya mphutsi za udzudzu. Chibwano chawo amachita kuchiponya kutsogolo nkukwatula nyama, ndipo amapumira kumatako. Apa ndinamukalipira kuti asamatukwane pamaso pa makolo, iye nkunditsegulira buku.

Akamera mapiko ndiye zoopsa. Diso limodzi limakhala ndi timaso tofika 30,000, mapiko anayi lililonse likukupiza palokha, kuuluka chobwerera m'mbuyo osavuta. Akatswiri amati akathamangitsa tizilombo 100, topulumuka timangokhala ngati tisanu. Ine magetsi akazima ndimawomba m'manja usiku wonse ngati ndili pamsonkhano wachipani, koma yemwe amadzuka atatupa khutu ndine.

Kulakwa kwake mwanayo anafotokoza izi amayi ake akumva.

"Mwamva, bambo a Chisomo? Anzanu amalawirira kukasaka chakudya. Inu mumalawirira bawo."

Ndinayankha kuti mnzangayo salipira fizi. Sanaseke.

Kulinso mtundu wina, Pantala flavescens, womwe umakwera mphepo kuchokera ku India, kudutsa zilumba za Maldives, mpaka kummawa kwa Africa kuno, wopanda pasipoti. Ine ku Area 25 kwa alamu ndinasiya kupitako chikwerereni mtengo wa minibasi. Mbale wanga weniweni ndi uja wowonda, wopinda mapiko akatera, makamaka wofiira wa paphiri la Mulanje, Oreocnemis phoenix, yemwe Elliot Pinhey anamutcha dzina mu 1971. Dziko lonse lapansi amangopezeka pomwepo. Sayenda, ndipo palibe amamunyoza.

Chondiwawa nchakuti apolisi amenewa tikuwasamutsa tokha. Taonani matewera, majumbo ndi zonyansa zomwe timataya mu Mchesi ndi Lingadzi. Mitundu yambiri ya tombolombo madzi otere imathawa, pomwe udzudzu wina umanenepera momwemo.

Pofuna kubweza ulemu, ndinalengeza kuti poti alonda tili nawo, neti yakumasikelo ija ndikatchingire mbewu zanga zampiru kudimba. Mayi a Chisomo anandikumbutsa kuti tombolombo amaweruka dzuwa likalowa, udzudzu wa malungo ukungoyamba kumene ntchito. Neti anaikaniza, ine nkundiponyera mphasa kuti ndikagone pakhonde ndidikire anzangawo alowe m'mawa.