Katswiri wa ku Chowa Asamuka Wopanda Katundu

Mlembi wa danga lino amatchuka ku Chowa konse kuti ndi katswiri wa makompyuta, koma umboni wake ndi magalasi okha. Mphwake wophunzira pa Mulungushi University atamusiyira laputopu yakale ya Linux, mkuluyu anayamba kuyenda mwamatama.

Mu Linux aliyense amapatsidwa foda yakeyake mu /home, momwe mumakhala zithunzi, nyimbo ndi makalata. Adiresi yake imalembedwa m'gawo la 6 la mzere wa munthuyo mu fayilo ya /etc/passwd. Malo atachepa, katswiri wathu anaganiza zosamukira pa disiki yaikulu. Analemba sudo usermod -d, adiresi yatsopano ndi dzina lake, n'kudina Enter ndi chala chimodzi chomwe amalembera.

Kompyuta inakana. Usermod sasamutsa munthu amene akugwiritsabe ntchito akaunti yake. Mkuluyu anatuluka, n'kubwereranso ngati root, bwana wa makinawo, ndipo lamulo linadutsa.

Polowa kwawo kwatsopano, mbee! Anali atasiya kachilembo kamodzi, -m, komwe kamanyamula mafayilo. Popanda iko, adiresi yokha ndiyo imasintha, ngati munthu wolengeza kumpingo kuti wasamukira ku Bwacha pomwe mphasa ndi mapoto zikadali ku Chowa.

"Bambo a ana, zithunzi za ukwati wathu zili kuti?" anafunsa mayi a kunyumba.

Katswiri anathawira m'mbiri yakale. Anati kusamuka n'kovuta kuyambira kalekale m'tauni muno mwa Kabwe: chigaza chomwe anachifukula mumgodi wa Broken Hill mu 1921 anachitengera ku London, ndipo mpaka lero sichinabwerere. Anawonjeza kuti mu 1966 dzina la tauni linasintha kuchoka pa Broken Hill kukhala Kabwe popanda nyumba ngakhale imodzi kusuntha. Mayi anati sanakwatiwe ndi chigaza.

Usiku anaimbira mphwake monong'ona ali kuseri kwa nyumba.

"Amalume, palibe chatayika, zonse zili mu foda yakale. Bwezerani kaye adiresi yakale ndi -d, kenako musamukenso, koma ulendo uno muikepo -m."

Zithunzi zinabwerera zonse, ngakhale chija anatsinzina pomwe abusa amadalitsa mphete. Pasiwedi ya root tsopano ili ndi mayi, ndipo katswiri akafuna kulemba sudo amayamba wapempha chilolezo kukhitchini.