Gwirani wa njinga, ndege isiyeni iuluke

Ngati akupatsani udindo wolimbana ndi kusintha kwa nyengo ndipo mukufuna ntchitoyo ikanike bwinobwino, choyamba musayang'ane kumwamba. Kumeneko kumadutsa tindege ta anthu olemera, tonyamula bwana mmodzi, mayi ndi chikwama. Kandege kotere kamatha kulavula matani 2 a mpweya woipa pa ola limodzi, mpweya umene Mmalawi wamba angautulutse pa zaka pafupifupi 20. Masamu otere amadwalitsa mutu. Asiyeni.

Inu lawirirani kwa Kadewere, ku Chiradzulu, mukabisale m'mbali mwa msewu tambala asanalire kachiwiri. Mudzaona bambo akukankha njinga, matumba atatu a makala atawasanjikiza, thukuta lili kamukamu, patapata mmodzi womanga ndi waya. Ulendo ndi wa ku Limbe. Ameneyu ndiye akutenthetsa dziko. Mulandeni makala, njinganso musaisiye, poti lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Koma musamufunse amene amamugula, mungamve dzina la mayi akunyumba kwanu, aja amakoleza mbaula magetsi akazima.

Wina akadzutsa nkhani yoletsa ndege za olemera, muuzeni kuti ndi nsanje chabe. Liwu limeneli kwathu kuno limatseka pakamwa aliyense. Akaumirira, tengerani nzeru ku France: mu 2023 analetsa maulendo afupiafupi a ndege kumene sitima yapamtunda imafika pasanathe maola awiri ndi theka, koma tindege ta mabwana lamulolo linatilambalala. Umu ndi mmene amaletsera chinthu anthu ophunzira.

Mukhozanso kunena kuti ife tinathana nazo kale. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linagula ndege ya Dassault Falcon pamtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni, Britain n'kudulako thandizo lake. Mu 2013 boma la Joyce Banda linaigulitsa pa madola 15 miliyoni, anthu n'kuuzidwa kuti ndalamazo zigulira chimanga. Apa muombe m'manja, osafunsa zambiri. Makamaka musakumbutse anthu kuti ndege yogulitsidwa siileka kuuluka, imangosintha woikwera, ndipo utsi wake sufuna pasipoti.

Tsoka likagwa, musachedwe kupeza wolakwa pafupi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri, matope n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe, m'boma lomweli la Chiradzulu. Malo otere mupiteko ndi mdipiti wa magalimoto khumi, onse mainjini osazimitsa kuti mkati muzizizira. Opulumuka akhale pansi padzuwa, inu pampando pansi pa tenti. Muwauze mosapsatira kuti anadziputira okha podula mitengo. Mitengo anaduladi, nchifukwa chake mawuwa ndi okoma: ali ndi kachoonadi kokwanira kuphimba zotsalazo. Za nyanja yotentha imene imanenepetsa anamondwe, ndi amene anaitenthetsa, musatchule, mungakhumudwitse otithandiza.

Kenako dzalani mbande imodzi. Khasu likhale latsopano, lomangidwa riboni. Wojambula akati sanajambule bwino, izuleni mudzalenso. Wothirira musasankhe, mbuzi zidzaona chochita.

Ikakwana nyengo ya msonkhano waukulu wa zanyengo, ngati uja wa ku Glasgow mu 2021 kumene tindege ta mabwana tinachita kusowa poima, tumizani nthumwi zambiri, aliyense ndi alawansi yake. Pobwerako mubweretse matisheti olembedwa za kusamala chilengedwe. Imodzi mukapatse bambo aja a makala, avale pobwera kudzaombola njinga yawo.