Tinakwapula Ghana, Mali ndi Cameroon, Koma pa Mponela Sanamve

Dziko lino lili ndi timu ya kiriketi. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kuno kwathu, kuchokera pa Dowa Turn-off mpaka kwa Malomo, imeneyi ndi nkhani ya lero lomwe, chonsecho bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, la ICC, linatilemba m'kaundula wake kalekale mu 2003. Mwana wobadwa chaka chimenecho pano ali pabanja, mwinanso ankhoswe atopa naye kale. Koma tafunsani pa depoti ya Mponela kuti kaputeni wa timuyi ndani. Woyamba akulozerani kwa mnzake, mnzakeyo akufunsani ngati muli ndi katundu wokweza.

Kaputeniyo ndi Moazzam Baig, katswiri woponya mpira wopotoza, uja ukagunda pansi umakhotera kumene womenya sakuyembekezera. Kumbali yomenya, amene watisenza kwa zaka zingapo tsopano ndi Sami Sohail. Mnyamata wina wa ku koleji, ali pa holide, anakhala pamsika wa Mponela n'kumawerengera anzake mayinawa pafoni. Anatchula Baig, anatchula Sohail, Daniel Jakiel, Aaftab Limdawala, Chisomo Chete. Palibe anatukula mutu.

"Ndiye palinso a Kansonkho awiri, Gift ndi Donnex. Amenewa akangofika pabwalo..."

Sanamalize. Amayi ogulitsa tomato pambali pake anali atamanga kale nsalu m'chiuno, dengu lili pamutu.

"Awiri? Wam'mawa uja ndamulipira kale ine, chiphaso ndi ichi!"

* * *

Mu Sepitembala 2024 anyamatawa anali ku Dar es Salaam, pa ndime yoyamba yolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse cha T20, mtundu waufupi wa kiriketi. Matimu analipo 6. Tinagonja kwa eni bwalo, a Tanzania, koma ena onsewo tinawakwapula: Lesotho, Ghana, Mali ndi Cameroon, zonsezi m'sabata imodzi. Mphunzitsi wina anaitchula nkhaniyi m'minibasi yopita ku Ntchisi, itangodutsa pa Lumbadzi.

"Mwati Malawi yagonjetsa Ghana?" anafunsa bambo wa jezi yofiira kumpando wakumbuyo.

"Ghana, Mali ndi Cameroon, achimwene."

"Chaka chimodzi?"

"Sabata imodzi."

Bamboyo anavula chipewa. "Cameroon yake yomweyi, ya Eto'o?"

"Yomweyo."

"Zingatizingati?"

"Masewera ena tinkadutsa 100."

Kondakitala anamenya chitseko kuti galimoto iime. "Adalaivala, akuluwa atsikire pomwe pano. Chimene amwa sitikuchidziwa, angatisanzire."

* * *

Pa mndandanda wa ICC wa masewera a T20, Malawi imazungulirazungulira cha pa nambala 50. Flames, pa mndandanda wa FIFA, ili kuseri kwa nambala 100, ndipo kumeneko inamanga nyumba, inadzala ndi nthochi zomwe. Atsibweni anga atamva zimenezi sanachedwe.

"Basi, matenda apezeka. Anyamata a Flames aja tawapatsani matabwa."

Wina wokonda kuwononga macheza anayamba kufotokoza kuti FIFA ili ndi mamembala 211 pamene ICC ili ndi ongopitirira 100 pang'ono, ndiye nambala ziwirizi sizingafanane. N'zoona ndithu. Koma atsibweni anamuyankha kuti munthu ukapeza mwana mmodzi wokhoza m'nyumba, sufunsa kuti m'kalasi mwake alimo angati.

* * *

Masewera athu oyamba a T20 ovomerezeka ndi ICC anachitika mu Novembala 2019. Tinkalimbana ndi Mozambique, kuyambira pa Lilongwe Golf Club n'kukamalizira ku Blantyre, ndipo mpikisanowo anautcha Kwacha Cup. Ife tinapambana masewera 5, iwo 1. Wogula soya wina wa ku Madisi, amene anaona ndi maso ake ndalama yathu ikugwa ndi 25 peresenti mu 2022 kenako 44 peresenti mu 2023, anapempha kuti chikhocho chikasungidwe ku Reserve Bank, m'chipinda chokiya.

"Kwacha imene inalimbanapo ndi dziko lina n'kupambana ndi yomweyo basi. Musamaisiye panja."

* * *

A gulupu ena a kumapiri a Dowa anaitanitsa mdzukulu wawo kuti awafotokozere bwinobwino za masewerawa, poti anamva kuti pali achinyamata ofuna malo. Mdzukuluyo anayamba ndi T20 imene Malawi imasewera: mbali iliyonse anthu 11, mbali iliyonse imaponyeredwa mipira 120, m'magawo 20 a mipira 6, ndipo pakatha maola atatu aliyense wapita kwawo. A gulupu anati palibe vuto, bola asapondereze mtedza wa anthu.

Mdzukulu anapitirira. Anati palinso mtundu wina wa akuluakulu, wotchedwa Test, umene umaseweredwa ndi mayiko 12 okha, ndipo muno mu Africa ndi South Africa ndi Zimbabwe basi. Anawauzanso kuti mu Juni 2025 South Africa, motsogozedwa ndi Temba Bavuma, inagonjetsa Australia pa bwalo la Lord's ku London n'kukhala akatswiri a dziko lonse. Masewera amodzi a mtundu umenewu amapatsidwa masiku asanu.

"Asanu?"

"Asanu, agogo."

"Amagona komweko?"

"Kuhotela."

"Nanga chakudya?"

"Amaima kaye kudya nkhomaliro, kenako amaimanso kumwa tiyi. Zili m'malamulo."

"Zovala?"

"Zoyera, zosita bwino."

"Ndipo tsiku lachisanu likakwana n'kutheka kubalalika popanda wopambana?"

"Zimachitika kawirikawiri."

A gulupu anafwenthera kaye fodya, n'kumuyang'ana mdzukuluyo nthawi yaitali. "Iwe, usandione kukalamba. Masewera amenewo ndimawadziwa. Amachitika sabata ndi sabata m'malo ogona alendo a pa Mponela, ochokera ku Capital Hill amawatcha wekishopu. Wangoiwala kutchula alawansi."

* * *

Mphunzitsi wina wa masewera, atachoka ku maphunziro mumzinda, anafika pa sukulu yake kumapiri a Ntchisi ndi thabwa lomenyera, mpira umodzi ndi changu chosefukira. Kiriketi imafuna kanjira kosalala ka mamita 20, timitengo titatu uku, titatu uko, ndi bwalo lathyathyathya kuzungulira. Kanjirako anakapeza. Koma malo athyathyathya mwana wa ku Ntchisi amangowamva m'buku la jogalafe. Pa bwalo la sukuluyo, timu imene yagwera kumtunda pa mpira wamiyendo imayamba n'kuthokoza Mulungu, yakumunsi imayamba n'kupempha chifundo.

Lamulo limati mpira ukadutsa malire chogubuduzika ndi marani 4 (marani ndiwo zigoli za kiriketi), ukadutsa m'mwamba ndi 6, ndipo ukapanda kudutsa, omenya awiri amathamanga kusinthana malo mpaka mpirawo utabwezedwa. Aphunzitsiwo anaiwala kulemba malire mbali ya kutsetse. Mtsikana wa Sitandade 7 anaumenya kamodzi kokha, phwa! Mpira unadutsa m'munda wa kachewere wa aphunzitsi aakulu, unalumpha ngalande, unalowa m'nsungwi, uwo kudambo. Anyamata atatu anautsatira. Omenya awiri aja anathamanga, anathamanga, woyimbira zala zinamuthera n'kuyamba kutola timiyala, timiyala tinatha, belu linalira, ana anaweruka. Anyamata atatuwo anatulukira dzuwa litapendeka. Woyamba anasenza nzimbe, wachiwiri masuku, wachitatu anabwera ndi uthenga wa mwini dimba: mpirawo ulipo ndipo uli bwino, aphunzitsi akautenge okha, asaiwale ndalama ya kabichi.

Za timitengo ndiye musanene. Toyamba tinali ta bulugamu wouma. Tinagona panja usiku umodzi, m'mawa tinali titaphika kale phala kwinakwake. Aphunzitsi anachenjera, anadula ta gliricidia tatiwisi kuti wakuba asapindule nato. Mvula ya Disembala itagwa, timitengo tinaphuka. Pofika Malichi, mlangizi wa zaulimi anabwera ndi alendo kudzajambula zithunzi, n'kuyamikira sukuluyo polimbikitsa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka. Anangodandaula kuti aidzala mothinana.

* * *

Daniel Jakiel, woponya mpira wa liwiro, anabadwira ku Zimbabwe, ndipo mu 2019 anavalako yunifolomu ya dziko limenelo asanayambe kusewerera Malawi. Agogo ena aakazi a ku Mvera atamva zimenezi anasiya kusenda mtedza.

"Wachoka ku Halale kubwera kuno? Mwa iye yekha, osachita kumulembera kalata ya maliro?"

"Mwa iye yekha, agogo."

"Ameneyo ndi mwana wolongosoka. Mukamuona mumufunse ngati anawaonako alongo anga. Anapita nthawi ya chitaganya, anati akukagula njinga."

Kumapeto kwa Sepitembala 2025 timu yonse inapitadi ku Halaleko, pa ndime yomaliza ya muno mu Africa yolimbirana malo ku chikho cha dziko lonse chija. Matimu 8, malo 2 okha. Malowo anatenga Zimbabwe ndi Namibia, ife tinabwerako. Agogowo anati n'zoyamikika kale zimenezo, poti si onse amabwerako.

Ndipo tisanamizane, pakati pa ife ndi a pamwambawo pali phiri. Zimbabwe yomweyo, mu Okutobala 2024, inamenya marani 344 pa mipira 120 polimbana ndi Gambia, Sikandar Raza yekha 133. Komabe Kenya, imene inafika mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse mu 2003, tinaigonjetsapo. Akanakhala anyamata a mpira wamiyendo atachita zofanana ndi zimenezi, bwenzi titawachingamira pa Kamuzu International Airport ndi ng'oma, nduna zikulimbirana maikolofoni.

* * *

Chimene chimandiwawa ine ndi manja amene akungowonongeka kumapiri kuno. Masewera akuluakulu amachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi muli anyamata amene ntchito yawo, chimanga chikayamba kukhwima, ndi kugenda anyani kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Mwana wotereyu amagenda pusi ali pa nthambi, tsidya lina la mtsinje, osaphonya. Ndani anamuyesapo ndi mpira?

Aphunzitsi athu a timitengo tophuka aja anayesa. Anatenga mmodzi, n'kumuuza kuti pa kiriketi saponya mwachigendegende: umathamanga kaye, mkono uzungulire pamwamba uli wowongoka, chigongono chisapindike n'kutambasuka, apo ayi woyimbira akana. Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo.

"Sala, nyani ameneyo azingodikira zonsezi?"

Atamupatsa mpira anaponya mmene amadziwira. Timitengo tiwiri tinazuka, kachitatu kanathyoka, ndipo womenya anapezeka ataima kuseri kwa woyimbira. Aphunzitsi anati kuponya kumeneko n'kosaloledwa. Womenya anati iye alibe nazo mawu, bola asabwerezenso.

* * *

Mpira wa kiriketi musamauone kuchepa. Umalemera pafupifupi magalamu 160, kunja chikopa chosokedwa, m'kati mouma gwa. Goloboyi wina wotchuka m'mudzi, wozolowera kudumphira chilichonse chozungulira, anaulandira ndi chifuwa. Mpaka lero akamatsokomola amatchula dzina la aphunzitsi aja.

N'chifukwa chake omenya amavala zodzitetezera: chipewa cholimba chokhala ndi zitsulo kumaso, magolovesi, ndi zotchinga miyendo zofika m'mawondo. Zinthu zimenezi zimatipeza kuno kudzera m'mabelo a kaunjika, zopanda kalata yofotokoza ntchito yake. Wa kabaza ya njinga yamoto wina pa msewu wa ku Dzaleka anagula chipewa chija, ndipo amachitama kuti mphepo imalowa bwino, komanso mkazi wake akakwiya mbama imathera pa zitsulo. Zotchinga miyendo zinagulidwa ndi mlonda wa pa sitolo, amati agalu a m'dera lakelo atha mano.

Koma palinso kachida kena kamene sikaoneka pa kanema. Ndi kachigoba kolimba ka pulasitiki, kokhala ndi timabowo topitira mpweya, kamene womenya amalowetsa m'kabudula kuteteza malo aja sitiwatchula pagulu.

Mkamwini wina wa kwa Nthondo, amene anaseweraponso kiriketi ali ku sekondale mumzinda, anakhala pakhonde m'mawa kudikira tiyi. Mkazi wake anabwera ndi ketulo, makapu, mbatata yootcha, kenako anatulutsa sefa yatsopano n'kuyamba kusefera masamba. Bamboyo anaiyang'ana sefayo. Anaiyang'ananso. Thukuta linayamba kutsika, kunja kukuzizira.

"Mwaitenga kuti imeneyi?"

"Amayi anagula pa kaunjika Loweruka. Yolimba bwanji, siichita dzimbiri."

"Ine lero tiyi ayi. M'mimba."

Apongozi aakazi anali kuseri kwa nkhokwe, kumene amayankhulira mkamwini akakhala pakhomo. "Tawafunsa bambo akunyumbawo, poti iwo anapita kusukulu. Azungu kwawoko amachita nako chiyani kameneka? Ine ndikuona ngati si ka tiyi wokha."

Mkamwini anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anayang'ana nkhuku. Mawu oti auze apongozi ake panalibe m'Chichewa chonse.

"Auzeni amayi kuti... amasungiramo chuma cha banja."

"Ndinadziwa ine!" anatero apongozi, akuwomba m'manja. "Katsuke bwinobwino iwe, undipatse. Kuyambira lero ndiziikamo ndalama za banki m'khonde, ndipo Lachitatu ndikakaonetsa amayi onse a gulu."