Galimoto Yanga ya Papepala Nayonso Inakana Kunyamuka

Inu amene mwakhala mukundiona pasiteji dzuwa likundiwamba, ndikukanganirana chenji ndi makondakitala, ndikudziwitseni kuti masiku ano ndine mwini galimoto. Musathamangire kudzaiona. M'litali mwake ndi inchi imodzi, m'lifupi theka la inchi, ndipo imagona mu envulopu pamwamba pa kabati poopa makoswe. Komabe ndi yanga, ndinaipanga ndekha, ndipo yandizunza mokwanira moti nane nditha kukhala pagulu la eni magalimoto n'kumapukusa nawo mutu.

Anandiika m'mavutowa ndi mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Johannesburg. Anzake akamabwera ku holide amanyamula mabulangete ndi mafuta ophikira, koma iye anatsitsa chikwama cha mabuku, madayisi ndi mapepala a timabokosi aja tinkajambulapo magirafu kusekondale. Akuti kunjaku kuli masewera a patebulo oti aliyense amadziyesa munthu wa m'nthano. Mmodzi amasimba nkhani n'kumaweruza, enawo amanena zimene munthu wawo akufuna kuchita, ndipo dayisi ndi imene imagamula ngati zatheka kapena ayi. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Atandiuza kuti m'menemo anthu amalimbana ndi zinjoka zolavula moto, ndinamuyankha kuti chinjoka ndili nacho kale, chimagogoda pachitseko mwezi ukatha kufuna lendi.

“Amalume,” iye anatero, “alipo ena oti mumadzipangira galimoto.”

Apo ndiye ndinakoka mpando.

Masewerawo dzina lake ndi Car Wars. Anatuluka mu 1981 kukampani ya Steve Jackson ya ku Austin, m'chigawo cha Texas, ndipo mu 1986 dziko lomwelo analisamutsira m'buku la GURPS Autoduel kuti anthu azisewera nthano yonse ya moyo wa dalaivala. Nkhani yake ndi ya America wa zaka 50 m'tsogolo, ndiye kuti 2031 kwa amene anayamba kusewera chaka choyambacho. Mafuta avuta, magalimoto akuyendera magetsi, ndipo madalaivala amaomberana mfuti m'mabwalo anthu akuonera pa TV ngati mpira. Zoti mafuta adzavuta sizinandidabwitse. Chinandidabwitsa n'choti iwo ankaziona ngati nthano.

Ine ndinkaganiza kuti papepala zinthu n'zaulere. Tili ana, popinda galimoto ya mawaya palibe ankatifunsa kuti ikulemera bwanji kapena ndalama taitenga kuti, bola waya wapezeka ndipo mwini mpanda sanakuone. Kunoko ayi. Mpikisano uliwonse uli ndi malire a ndalama, ndipo wathu unali wa madola 10,000. Pambali pa ndalama pali alonda ena awiri, kulemera ndi malo. Thupi la galimoto lililonse lili ndi katundu amene lingasenze komanso chiwerengero cha malo m'kati mwake. Injini imadya malo. Mfuti imadya malo. Dalaivala yekha amadya malo awiri, ndipo buku limamuwerengera mapaundi 150 kaya wadya nsima ya mamawa kaya wagona ndi njala. Ndinakondwera nazo zimenezi, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu wina alembe sikelo yanga mondikomera.

Mndandanda wa matupi umayambira pa kagalimoto kakang'ono mpaka pa vani. Munthu woganiza za mawa ngati ine sakanasankha china koma vani. Ndinaona kuti nkhondo ikatha ndidzaika paulendo wonyamula anthu, choncho ndinayamba kulemba okwera. Mnyamata uja anati wokwera aliyense ndi malo amodzi ndi mapaundi 150. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti malo amodzi amakwana anthu awiri ngati wina wakhala chammbali, ndipo kuti pampando wa atatu anthu amakhala anayi dziko lonse likudziwa. Anatsegula buku. Ndinamuuza kuti wolemba bukulo sanayendepo. Anatsegula tsamba lina.

Kenako zishango. Galimoto imatchingidwa mbali zisanu ndi imodzi: kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, pamwamba ndi pansi, ndipo mbali iliyonse umagula payokha. Poti ndine munthu wokonda moyo, ndinakuta mbali zonse mochindikala. Nditaona tsamba la zida, mtima unathawa. Mfuti yachiwaya kutsogolo, ina m'mbali, chothira oilo pamsewu kuti wokutsata aterereke, chomwaza misomali, chofukiza utsi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama zitayamba kuchepa ndinachita zimene bambo aliyense wanzeru amachita, kupulumutsa pa zinthu zosaoneka ndi maso. Ndinagula injini yaing'ono, masipuling'i otchipa ndi matayala wamba.

Mnyamata anawonkhetsa pa foni, n'kuwonkhetsanso, kenako anandiyang'ana ngati dokotala amene wagwira zotsatira zoipa.

“Amalume, galimoto yanu sinyamuka.”

Lamulo lake ndi ili. Injini iliyonse ili ndi nambala ya mphamvu, ndipo nambalayo amaiyerekeza ndi kulemera kwa galimoto yonse. Mphamvu ikafanana ndi kulemera, liwiro limakwera ndi mamailosi 15 pa ola sekondi iliyonse. Ikafika theka la kulemera, limakwera ndi 10. Ikangokwana gawo limodzi mwa magawo atatu, limakwera ndi 5. Ikachepera apo, wamanga nyumba ya matayala. Ndinati vuto palibe, okwera atsike akankhe. Iye anati mpikisano umayamba galimoto ikudziyendera yokha. Ndiye ndinayamba kutsitsa anthu anga mmodzimmodzi ndi labala, ndalama zawo ndisanatolere. Ndinachotsa chofukiza utsi. Ndinachotsa zishango za pansi, poganiza kuti palibe munthu wabwinobwino amene angagone pamsewu kuti aombere mimba ya vani. Pamapeto pake inakwana, pagulu lotsikitsitsa lija la 5.

Apa n'kuti mayi a kunyumba ataima pakhomo la kukhitchini, maso ali pa madayisi.

“Abambo, mwayamba juga ndi mwanayu?”

Ndinawatsimikizira kuti si juga, ndikungogwiritsa ntchito madola 10,000 mosamala. Anafunsa kuti madolawo ali kuti. Ndinawaonetsa pepala. Anati popeza ndili ndi ndalama zochuluka chotero, mawa ndilembenso thumba la ufa pa pepala lomwelo aone ngati liphikike.

Woti ndilimbane naye anali alamu anga, mkulu wa mpingo, munthu wolankhula motsitsa mawu amene sanaphepo ngakhale nkhuku. Iwo anasankha kagalimoto kakang'ono, injini yabwino, mfuti imodzi, basi. Ndinawamvera chisoni.

Tsopano kayendedwe. Pa mapu a masewerawa, inchi imodzi ikuimira mafiti 15, ndipo ulendo umodzi wosewera ukuimira sekondi imodzi. Galimoto yothamanga mamailosi 10 pa ola imasuntha inchi imodzi pa sekondi, ya 60 imasuntha mainchi 6. Sekondi imodziyonso anaiduladula, poyamba m'zigawo 10, m'mabuku a pambuyo pake m'zigawo 5, ndipo pali tchati chokuuza kuti pa liwiro lako usuntha pa chigawo chiti. Ndiye tangoganizani amuna akuluakulu ataweramira tebulo, wina ali ndi rula, wina akuwerenga tchati, wina akukankha kapepala ndi chikhadabo kuopa kuti mpweya wa m'mphuno ungaulutse galimoto. Madzi a nsima anatereka, nsima inapsa, tinadya, mbale zinatsukidwa. Nditafunsa kuti m'dziko la masewera papita nthawi yaitali bwanji, anandiuza kuti masekondi sanakwane khumi. Sindinathamangepo mochedwa chotero chibadwire.

Pamene panandigwira mtima kwenikweni ndi pa malamulo a kukhota, ndipo apa ndiwapatse ulemu amene anawalemba. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mmene imamverera chiwongolero, ndipo nambalayo imachokera makamaka ku masipuling'i. Kachitidwe kalikonse pamsewu kali ndi mtengo wake. Kusendera pang'ono m'mbali n'kotchipa, kukhota kwambiri n'kodula, kuponda mabuleki mwadzidzidzi nakonso kumalipiritsa. Ukachita chimodzi, amachotsera pa nambala ija, ndipo imatha kutsika mpaka 6 kunsi kwa ziro. Kenako amayang'ana tchati chophatikiza nambala yatsalayo ndi liwiro lako. Nthawi zina tchati chimati pita bwino, nthawi zina chimati ponya dayisi. Dayisi ikakukana, umapita ku tchati cha ngozi, kumene kuli kutsetsereka, kuzungulira, kugubuduzika, mwinanso kuyaka. Nzeru yake ndi yoti liwiro palokha silikulanga, kukhota pakokha sikukulanga, koma ukaziphatikiza motsatizana m'sekondi imodzi, mlandu umakupeza. Ndakwerapo magalimoto a madalaivala ena amene ndikanakonda atayamba asewera zimenezi asanapatsidwe laisensi.

Vani yanga, ndi masipuling'i ake otchipa, inayambira pa ziro.

Alamu atandizembera kumbuyo, ndinathira oilo pamsewu monyadira. Iwo anangomulambalala. Pamenepo ndinakumbukira mafilimu, mmene ngwazi imatembenuzira galimoto pamalo amodzi n'kuyang'anizana ndi mdani. Kachitidwe kameneko kalimo m'buku, amakatcha bootlegger reverse, mtengo wake ndi 7, ndipo kamaloledwa pa liwiro la pakati pa mamailosi 20 ndi 35 pa ola. Liwiro limenelo ndinali nditalifikira movutikira, ndipo sindinafune kuti lipite pachabe. Mnyamata anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinamukumbutsa kuti ndinamunyamulapo ali wakhanda. Ndinapemerera dayisi n'kuiponya, ndipo inagubuduzika mpaka pansi pa mpando. Amene anaitola ndi alamu. Sanalankhule, anangoiika patebulo mwaulemu. Vani inatsetsereka, inagubuduzika, inagona chammbali, mimba yopanda chishango ija itayang'ana kwa mkulu wa mpingo.

“Pepanitu alamu,” iwo anatero motsitsa mawu, uku akutola madayisi.

Pofuna kundipepesa, mnyamata anatulutsa buku lina, GURPS Vehicles, lolembedwa ndi David Pulver, limene linatuluka koyamba mu 1993. Akuti ndi limeneli ukhoza kupanga chilichonse, kuyambira bwato mpaka chombo chopita kumwezi. Ndinati tiyambe ndi chinthu chodzichepetsa. Anati chabwino, tipeze kaye kukula kwa chiwalo chilichonse m'makyubiki fiti, tiwonkhetse, titenge cube root, yankholo tilichulukitse ndi lokha, kenako ndi 6, ndipo tikatero tidziwa kukula kwa khungu la galimoto, kuti tiwerengere kulemera kwa chigoba ndi zishango. Ine ndi masamu tinasiyana mwamtendere kalekale, aliyense anatenga katundu wake. Ndinapempha madzi akumwa n'kutulukira khomo la kuseri. Amati alipo anthu amene amakonda bukuli kuposa kusewera kwenikweniko, amangokhala n'kumapanga magalimoto amene sadzayenda m'nthano iliyonse. Anthu amenewo ndikuwamvetsa, chifukwa galimoto imakoma isananyamuke.

Tinayesakonso Traveller, masewera a zam'mlengalenga a Marc Miller a mu 1977. M'menemo chombo sichiima ukasiya kuponda moto, chimangopitirira ndi liwiro lomwelo, ndipo kuti uime uyenera kuchitembenuza n'kupemerera moto kumene ukupitako. Ndinali wokonzeka kuphunzira zimenezo, koma m'malamulo akale a masewerawa munthu wako amatha kufa ukadali pa ntchito yomupanga. Wanga anamwalira ali ku usilikali, chombo asanachione n'komwe. Mnyamata anati pali enanso, Savage Worlds, amene pothamangitsana amataya rula n'kugwiritsa ntchito makadi a njuga, nkhani n'kumayenda msanga. Anangotulutsa makadiwo, mayi a kunyumba anatsokomola kuchipinda, ndipo makadi aja anabwerera m'chikwama.

Ndiye ndinagonja n'kupita kwa zinjoka zija. M'malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014, bulu amagulidwa ndi ndalama 8 zagolide ndipo ngolo ya matayala awiri ndi 15. Bulu amasenza mapaundi 420, koma akamakoka ngolo amatha kasanu kuchuluka kwake, ndiwo mapaundi 2,100, kuphatikizapo 200 a ngoloyo. M'masekondi 6 amayenda mafiti 40 pamene munthu amayenda 30. Mulibe masipuling'i, mulibe tchati cha ngozi pa kukhota kulikonse, mulibe cube root. Ndinagula nthawi yomweyo, ndipo ngolo inanyamuka pa ulendo woyamba popanda wokankha.

Chovuta n'choti gulu litaona kuti ndili ndi ngolo, linandiika kukhala wonyamula katundu. Anzanga akamalowa m'phanga kukafuna chuma, ine ndimatsala panja kulondera bulu, chifukwa woweruza nkhani ananena kuti m'nkhalangomo muli mimbulu. Ndimamva zonse ndili pakhomo, malupanga akulira, mabokosi a golide akutsegulidwa, ndipo ikafika nthawi yanga yosewera amandifunsa kuti ndikuchita chiyani. Ndimati ndikumwetsa bulu. Alamu, amene m'nthanoyi ndi msilikali wovala zitsulo thupi lonse, akwera ngolo yanga kuchokera kumudzi woyamba mpaka kumapiri, ndipo nthawi iliyonse ndikatambasula dzanja amati alipira tikafika. Ndinafunsa mnyamata ngati m'buku muli lamulo lokhudza okwera pangongole. Anati ndiponye dayisi kuti tione ngati ndingawanyengerere. Inagwa pa 2.